"Anzanga Onse Ali Nacho": Mmene Malonda Analowera Pakati pa Mwana, Anzake ndi Makolo

Moni kwa inu nonse amene mukutionera. Kholo lililonse limawadziwa mawu aja akuti "anzanga onse ali nacho", amene mwana amawanena nkhope ili ndwii, ndipo kawirikawiri kholo likawamva limaganiza kuti mwanayo wayamba dyera kapena wasokonezedwa ndi zotsatsa malonda. M'vidiyo ino tikufuna kuwamvetsera mawu amenewa mofatsa, chifukwa akatswiri amene anakhalapo pansi n'kumaonerera ana akucheza okhaokha anapeza kuti nthawi zambiri chimene mwana akupempha ndi malo pakati pa anzake, ndipo chinthu chogulacho changokhala khomo lolowera. Amalonda anazindikira zimenezi kalekale, ndipo ndiwo akhala akuika mtengo pa khomolo.

Maganizo akuti katundu amateteza munthu ku manyazi ndi akale. M'chaka cha 1776, katswiri wa zachuma wa ku Scotland, Adam Smith, analemba kuti zinthu zofunika pa moyo si zokhazo zimene munthu angafe atazisowa, komanso zimene anthu a m'dera lake amaona kuti n'zochititsa manyazi kukhala wopanda. Iye anapereka chitsanzo cha malaya a bafuta, ponena kuti Agiriki ndi Aroma akale ankakhala bwinobwino opanda malaya otere, koma m'nthawi yake ngakhale munthu waganyu akadachita manyazi kuonekera pagulu asanawavale. Smith ankanena za akuluakulu, koma lamuloli limaluma kwambiri pakati pa ana, chifukwa wamkulu akhoza kusankha anthu ocheza nawo pamene mwana amabwerera m'kalasi yomweyo, pakati pa nkhope zomwezo, tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri.

Amene anafufuza nkhaniyi mwakuya ndi Allison Pugh, katswiri wa za kakhalidwe ka anthu wa ku America, yemwe anatha zaka zingapo akuonerera ana a m'sukulu za ku Oakland m'chigawo cha California, ena ochokera m'mabanja osauka ndipo ena m'mabanja olemera, kenako n'kufalitsa zimene anapeza m'chaka cha 2009. Iye anaona kuti ana akakhala pamodzi amakhala ndi nkhani imene ili m'kamwa mwa aliyense pa nthawiyo, kaya ndi masewera a pa kamakina kam'manja kotchedwa Game Boy, kaya makadi osewerera amene ana amasonkhanitsa, kaya kanema watsopano, ndipo amene alibe choti anenepo amakhala ngati palibe ngakhale atakhala pakati penipeni pa gululo. Chimene ana amaopa kwambiri ndi kusiyana ndi anzawo, ndipo pofuna kupewa zimenezi amagwira ntchito yaikulu imene akuluakulu saiona.

Taganizirani ana asanu atazungulira tebulo nthawi yopuma, anayi atayala makadi awo n'kumatsutsana kuti lamphamvu ndi liti. Wachisanuyo alibe ngakhale khadi limodzi, koma waloweza mayina onse ndi mphamvu za khadi lililonse, ndipo mnzake akalakwitsa iye ndiye amayamba kumukonza. Akamufunsa kuti ake ali kuti, amayankha kuti anawasiya kunyumba, kapena kuti msuweni wake ali ndi ambiri kuposa amenewa, kapenanso amakweza mapewa n'kunena kuti makadi ndi za ana aang'ono. Mphunzitsi wodutsa angaone ngati mwanayu ndi wabodza, koma iye akungoyesetsa kugula ndi nzeru ndi pakamwa malo amene anzake agula ndi ndalama za makolo awo.

Tsono makolo amatani? Apa ndi pamene kafukufuku wa Pugh amatsutsa zimene ambiri timakonda kunena. Makolo osauka, amene sangathe kugula zonse, ankasankha mosamala chinthu chimodzi kapena ziwiri zimene zili ndi mphamvu yaikulu pamaso pa ana anzake, n'kudzimana kwa miyezi kuti achipeze pa tsiku lobadwa la mwana kapena pa nyengo ya chikondwerero. Makolo olemera ankagula zambiri, koma ankakaniza mwana zinthu zina zochepa zooneka, n'kumazitchula kawirikawiri, pofuna kudzitsimikizira okha ndi anzawo kuti iwo si anthu okonda chuma ndipo sakulera mwana mosasatitsa. Chimene chinkawagwirizanitsa onse n'chakuti kholo likaona kuti mwana wake atsala yekha kunja kwa gulu, mfundo zake zonse zinkafewa, makamaka kholo limene likukumbukira mmene linkamvera lili mwana pamene linali losiyana ndi anzake.

Ndiye munthu akamaseka mayi wosauka amene wagulira mwana wake nsapato za dzina lotchuka, n'kumati sadziwa kugwiritsa ntchito ndalama, ndi bwino ayambe wafunsa kuti mayiyo akanagula chiyani china ndi ndalama yomweyo chimene chikanasintha moyo wa mwanayo. Nyumba yabwino sangaithe, sukulu yapamwamba sangaithe, koma nsapato angazithe, ndipo kwa miyezi ingapo mwana wake adzalowa pageti la sukulu mutu uli m'mwamba. Kunena zoona, kuwerengera kwa mayiyu n'kolondola, ndipo chomvetsa chisoni n'chakuti amene ali ndi zochepa ndiye amalipira gawo lalikulu la zimene amapeza kuti mwana wake angofanana ndi anzake.

Koma kodi zinayamba bwanji kuti chikondi cha kholo chiziyezedwa ndi zimene lagula? Katswiri wina, Viviana Zelizer, anasonyeza m'chaka cha 1985 kuti ku America, pakati pa zaka za m'ma 1870 ndi 1930, kaonedwe ka mwana kanasinthiratu. Poyamba mwana ankawerengedwa ngati dzanja lothandiza kubweretsa ndalama pakhomo, m'munda kapena m'fakitale, koma malamulo oletsa kulemba ana ntchito ndi okakamiza maphunziro atafalikira, mwana analeka kubweretsa ndalama n'kusanduka munthu wamtengo wapatali mumtima mwa makolo, woyenera kumuwonongera ndalama popanda kuyembekezera kubweza. Kusinthaku kunali kwabwino ndipo palibe angafune kubwerera m'mbuyo, koma kunatsegula msika umene amalonda sanachedwe kulowamo.

M'chaka cha 1955, kampani yopanga zidole ya Mattel inayamba kutsatsa katundu wake chaka chonse pa pulogalamu ya ana ya pa wailesi yakanema ya Mickey Mouse Club, kutanthauza kuti inasiya kudzera kwa kholo n'kuyamba kulankhula ndi mwana mwachindunji. M'chaka cha 1984, bungwe loyang'anira zoulutsa mawu ku America la FCC linafewetsa malamulo a mapulogalamu a ana, ndipo makatuni monga Transformers, amene kwenikweni anali kutsatsa zidole kuyambira poyamba mpaka pomaliza, anachuluka. Komabe luso lenileni linaonekera ku Japan m'chaka cha 1996, pamene masewera a Pokémon anatulutsidwa m'mitundu iwiri, wofiira ndi wobiriwira, ndipo mtundu uliwonse unkasowa tizilombo tina timene tinali mu unzakewo. Mwana amene ankafuna kusonkhanitsa tonse ankayenera kupeza mnzake wa mtundu winawo, kulumikiza makina awo a Game Boy ndi kachingwe, n'kusinthana. Ubwenzi weniweniwo unalowetsedwa m'kati mwa katunduyo, moti mwana wopanda makinawo sankangosowa chidole, ankasowanso chochita ndi anzake masana onse.

Masiku ano zinthu zasamukira pa intaneti, kumene kholo silingathe n'komwe kuchigwira m'manja chinthu chimene mwana akulirira. Masewera a Fortnite, amene anatuluka m'chaka cha 2017, munthu amasewera ulere, koma zovala za kamunthu kamene amasewera nako amagula ndi ndalama, ndipo zovalazo sizimuthandiza kupambana ngakhale pang'ono. Ntchito yake ndi kuonedwa ndi anzake basi. Lipoti limene ofesi ya Children's Commissioner ya ku England inatulutsa m'chaka cha 2019 linanena kuti ana ena amanyozedwa ndi anzawo chifukwa chosewera ndi chovala chaulere chimene aliyense amayamba nacho, popeza chimaulula kuti kwawo sawapatsa ndalama zogulira china. Kumapeto kwa chaka cha 2022, kampani ya Epic Games, eni ake a masewerawa, inavomera kulipira madola 520 miliyoni pa milandu imene bungwe la boma loteteza ogula ku America la FTC linaiimba, ndipo madola 245 miliyoni mwa ndalamazi anali obwezera anthu amene anagula zinthu asakufuna chifukwa cha mmene mabatani ogulira anakonzedwera, kuphatikizapo makolo amene ana awo anagula iwo asakudziwa. Bungwe la akatswiri a za maganizo ku America linanenapo kale m'chaka cha 2004 kuti ana osafika zaka 8 satha kuzindikira bwino kuti wotsatsa malonda ali ndi cholinga chowakopa, choncho mpikisano wa pakati pa mwana ndi kampani yokhala ndi akatswiri mazanamazana sunakhalepo wachilungamo.

Pali mbali ina imene siikambidwa kawirikawiri, ndipo kwa ine ndi imene imakhudza mtima kwambiri. Timakonda kuganiza za mwana wovutitsa makolo m'sitolo, koma kafukufuku wa Tess Ridge pakati pa ana a m'mabanja osauka ku Britain, amene anafalitsidwa m'chaka cha 2002, anapeza ana ambiri amene amachita zosiyana kwambiri. Iwo amadziwa bwino mmene thumba la pakhomo lilili, ndipo amasiya dala kupempha. Kalata ya ulendo wa sukulu imapindidwa n'kukankhidwira pansi pa chikwama, kholo likafunsa mwana amayankha kuti ulendowo alibe nawo chidwi, ndipo tsiku la ulendo amatsala pamene anzake akukwera basi. Apa chisamaliro chatembenuka, mwana ndiye akuteteza kholo ku manyazi, ndipo kholo likhoza kukhala zaka osadziwa mtolo umene mwana wake wasenza mwakachetechete.

Nawonso makolo amene ali ndi ndalama koma alibe nthawi ali ndi msampha wawo. Kafukufuku amene bungwe la UNICEF ku Britain linatulutsa m'chaka cha 2011, woyerekeza mabanja a ku Britain, Spain ndi Sweden, anapeza kuti makolo ambiri a ku Britain ankagulira ana awo zinthu mosalekeza, ena pofuna kukwirira kusowa kwawo pakhomo chifukwa cha maola ambiri a ntchito ndipo ena poopa kuti ana awo anyozedwa, pamene anawo akafunsidwa chimene chimawasangalatsa ankatchula kukhala ndi makolo ndi anzawo komanso kusewera panja.

Maboma ena anayesa kutchinga ana ndi malamulo. Chigawo cha Quebec ku Canada chinaletsa kutsatsa malonda kwa ana osafika zaka 13 kuyambira m'chaka cha 1980, ndipo dziko la Sweden linaletsa kutsatsa pa wailesi yakanema kwa ana osafika zaka 12 m'chaka cha 1991, ngakhale kuti nyumba zina zoulutsa mawu zinazemba lamulolo poulutsira ku Sweden kuchokera ku Britain. Malamulo otere amachepetsa phokoso, koma safika pa tebulo pamene ana amayezerana okhaokha. Yunifomu ya sukulu nayo imathandiza ndithu, kungoti mpikisano umangosamukira pa nsapato, chikwama ndi foni.

Vuto lalikulu la kholo n'lakuti likakana lokha, amene amalipira mtengo wa kukanako ndi mwana wake, amene mawa lake akakhala yekha wopanda chinthucho. N'chifukwa chake njira zimene zikuoneka zanzeru ndi zimene makolo amakana pamodzi, mogwirizana ndi mwambi uja wakuti mutu umodzi susenza denga. M'chaka cha 2017, makolo ena a ku Austin m'chigawo cha Texas anayambitsa pangano lotchedwa Wait Until 8th, lolonjeza kuti sagulira ana awo foni ya intaneti mpaka atafika kalasi ya 8, ndipo analikonza kuti liyambe kugwira ntchito pokhapokha mabanja 10 a m'kalasi imodzi pa sukulu imodzi asayina. Chiwerengero chimenechi ndiye mtima wa panganolo, chifukwa mwana akanena kuti aliyense ali nayo, kholo limatha kumutchulira mayina a anzake ena asanu ndi anayi amene alibe. Komabe pangano lotere limathandiza kwambiri mabanja amene akukana mwa kufuna kwawo. Banja limene likulephera kugula chifukwa cha umphawi limadalira kwambiri zimene sukulu yasankha, monga ngati ulendo wa kalasi ulipiridwa m'njira yoti mwana aliyense apite, ngati masiku ovala zovala za kunyumba achepetsedwa, komanso ngati mphunzitsi asiya chizolowezi chofunsa ana pamaso pa anzawo kuti aliyense anene mphatso imene analandira pa tchuthi.