Makalata a omvera: ng'ombe yanga yasiya kudya, mkaka watsika

Moni omvera athu nonse, makamaka inu amene mwangotsika kumene pa njinga kuchokera kokapereka mkaka. Sabata ino makalata ambiri akukamba nkhani imodzi, ya kutentha kwa Okutobala. Tiyambe ndi mayi ena a ku Thyolo, omwe alemba motere:

"Ndili ndi ng'ombe ya mtundu wa Friesian. M'mwezi wa Julaye ndinkakama malita 18 patsiku, pano ndikungopeza 11. Masana imangoima, pakamwa yasa, kupuma wefuwefu. Nsenjere ndimadula yambiri koma imasiya theka. Kodi yadwala, kapena chakudya chikuchepa?"

Zikomo mayi. Poyamba chitani ichi: mawa m'bandakucha, kunja kusanatenthe, muiyeze kutentha kwa thupi. Ng'ombe yabwinobwino imakhala pa madigiri 38.5 kapena pafupi pamenepo. Ikapitirira 39.5 m'mawa wozizira, itanani alangizi a ziweto msanga, chifukwa matenda obwera ndi nkhupakupa nawonso amayamba ndi kutentha thupi ndi kusadya. Koma ngati m'mawa ili bwino, vuto limayamba dzuwa likakwera, ndiye kuti ng'ombe yanu yapsa ndi kutentha.

Friesian kwawo ndi ku Netherlands ndi kumpoto kwa Germany, kozizira. Kunja kukapitirira madigiri 25, makamaka mpweya ukakhala wa chinyontho, imayamba kuvutika. Komanso ng'ombe imanyamula ng'anjo yakeyake m'mimba. M'chifu chake chachikulu muli tizilombo tomwe timawola udzu kuti ukhale chakudya, ndipo kuwolako kumatulutsa kutentha, monga mmene mulu wa manyowa umafundira mukapisamo dzanja. Ikasiya nsenjere yanuyo ndiye kuti ikuchepetsa nkhuni pa moto. Ng'ombe yotulutsa mkaka wambiri ndi imene imayamba kugonja, chifukwa ndi imene imadya kwambiri.

Tsono apa ndi pomwe ndikufuna mundimvetsetse, chifukwa ambiri timaganiza kuti mkaka watsika chifukwa cha kusadyako basi. Akatswiri Lance Baumgard ndi Robert Rhoads, pamodzi ndi anzawo ku University of Arizona ku America, anafufuza zimenezi, zotsatira zake n'kutuluka mu 2009 ndi 2010. Ng'ombe zina anaziika m'chipinda chotentha, zina m'chipinda chozizira bwino, koma zozizirazo ankazipatsa chakudya chochepa chofanana ndi chimene zotenthazo zadya. Zonse zinatsitsa mkaka, koma zotenthazo zinatsitsa kwambiri. Kusadya kunali ndi mlandu wa theka lokha la mkaka wotayikawo, mwinanso kuchepera apo.

Nanga theka linalo? Ng'ombe yanjala chabe imasungunula mafuta a m'thupi n'kumawagwiritsa ntchito, shuga wa m'magazi n'kumusungira bere, popeza bere limamusandutsa shuga wa mumkaka, amene amakoka madzi kuti mkaka uchuluke. Ng'ombe yotenthedwa sichita zimenezo. Insulini wake, michere ya m'magazi yolowetsa shuga m'minofu, amakwera, mafuta sasungunuka mokwanira, ndiye minofu ndi ziwalo zina zimalimbirana shuga yemwe akanapita ku bere. Magazi ambirinso amathamangira kukhungu kukataya kutentha, m'matumbo n'kuchepa. N'chifukwa chake, mayi, mungathe kudzaza chodyera mpaka kusefukira koma chidebe osadzaza. Iziziritseni kaye ng'ombeyo, chakudya chibwere pambuyo. Chakudya chambiri muzipereka m'mawa kwambiri ndi madzulo dzuwa litalowa, nsenjere yanthete yodulidwa timizidutswa, osati yokhwima ngati bango. Madzi asasowe m'khola usana ndi usiku, ndipo akhale pamthunzi. Mkaka wokha, magawo 87 pa 100 alionse ndi madzi. Ndowa ziwiri patsiku nyengo ino n'kuizunza ng'ombe; yokamidwa bwino ikhoza kumwa malita oposa 100.

Kalata yachiwiri yachokera kwa bambo ena a ku Chiradzulu:

"Nditaona mkaka ukutsika ndinawonjezera madeya kawiri. Tsopano ndowe zake zafewa, zili ndi thovu, ndipo yasiya kubzikula. Dovu likungochucha. Ndalakwitsa pati?"

Bambo, maganizo anu anali abwino, koma madeyawo achepetseni lero lomwe. Malovu a ng'ombe ali ndi soda wachilengedwe yemwe amaletsa chifu kuwawasa, ndipo malovu ambiri amamezedwa pobzikula. Ng'ombe yotenthedwa ibzikula pang'ono, malovu ena n'kumatayikira pansi monga mwaoneramo. Kupuma kothamangako kumachititsanso kuti soda wina atuluke ndi mkodzo. Ndiye chifu chili kale pangozi, inu n'kuthiramo madeya ochuluka nthawi imodzi, omwe amawola mofulumira n'kupanga asidi. Ndowe za thovuzo zikukuuzani zimenezo. Zikapitirira, mafuta a mumkaka amatsika, ndipo pakapita milungu ng'ombe ikhoza kuyamba kutsimphina chifukwa ziboda zimawonongeka. Madeya muziwagawa katatu kapena kanayi patsiku, pang'onopang'ono, itadya kaye udzu. Mchere usasowe. Thukuta la ng'ombe limataya potaziyamu wambiri, mtundu wina wa mchere wofunika m'thupi, ndipo molasesi, zamadzi zotsekemera zotsala popanga shuga wa nzimbe, kwa amene angamupeze, ali naye. Muyezo wake ndi wa soda wothira m'chakudya funsani alangizi anu, ayione ng'ombeyo ndi maso. Ikapanda kuyamba kubzikula pofika mawa, musadikire.

Pomaliza, mnyamata wina wa ku Mitundu ku Lilongwe walemba mwachidule pa foni: "Agogo akuti kuthira madzi ng'ombe masana n'kuidwalitsa. Zoona?"

Achimwene, agogo aulemu wawo, koma apa tisiyane nawo pang'ono. Mwina anazolowera ng'ombe zathu zachikuda za linunda, zomwe zimatuluka thukuta bwino ndipo sizifuna thandizo lotere. Ya mkaka ithireni madzi pakhosi ndi pamsana mpaka khungu linyowe, osati kuwaza ubweya wokha, kenako mphepo iumitse. Kuumako ndi kumene kumachotsa kutentha. Pomwe agogo akunena zoona ndi pa matope: khola likasanduka dambo, bere limatupa. Choncho thirani pamalo poti madzi apite, ndipo bere likhale louma pokama. Denga lanu ngati ndi la malata otsika, yalanipo udzu pamwamba, mbali za khola mutsegule mphepo izidutsa. Muziwerenganso kupuma kwake poyang'ana m'nthiti kwa mphindi imodzi. Kukapitirira 60, tengani ndowa. Musaiwale yabere yomwe mwasiya kukama. Ikatenthedwa miyezi iwiri yomaliza isanabereke, mwana amabadwa wochepa thupi ndipo mkaka wa ulendo wotsatira umachepanso.

Makalata onena za ng'ombe zomwe sizikuonetsa kuti zikufuna nkhunzi nyengo ino ndawasunga, tidzayamba nawo sabata yamawa.