BMW Z4 kapena Mercedes SLK? Tiyambire pa denga

Muli bwanji nonse, takulandiraninso. Lero tikuyankha funso la achimwene ena amene anandilembera ku inbox, akuti apeza galimoto ziwiri zotsegula denga, zija timati ma convertible, zonse zili konkuno kale ndipo msonkho unalipiridwa, ina ndi BMW Z4 ya 2010 ina ndi Mercedes SLK200 ya 2012, mitengo yake ikungosiyana pang'ono, ndiye akuti nditenge iti? Achimwene, funso lanu ndalikonda chifukwa galimoto zimenezi ine ndimazikonda zedi, koma ndaonanso anthu akulira nazo, ndiye khalani pansi tikambirane bwinobwino.

Poyamba tidziwe kuti tikukamba za chiyani. Z4 imeneyi ndi imene a BMW amaitcha E89, inapangidwa kuyambira 2009 mpaka 2016 ku Regensburg ku Germany. SLK nayo ndi R172, inatuluka 2011, amaipangira ku Bremen, ndipo itafika 2016 anangoisintha dzina n'kukhala SLC. Zonse ndi za mipando iwiri basi, injini kutsogolo, zimakankha ndi mateyala akumbuyo, ndipo zonse denga lake ndi lolimba osati lansalu, limadzipinda lokha n'kukalowa m'buti pa masekondi ngati 20. Kwathu kuno denga lolimba ndi labwino kwambiri, lansalu dzuwa la October limaliwotcha mpaka kuyezuka, komanso munthu wampeni atha kuling'amba mwaimika m'tauni.

Koma nkhani yonse yagona pa denga lomwelo. Ukamagula galimoto ngati iyi chimene ukugula kwenikweni ndi denga, chifukwa injini ili mu SLK200 mutha kuipeza mu Mercedes C200 ya mipando isanu pa mtengo wabwinoko, ndiye ngati denga silikugwira ntchito mwangogula galimoto yopanikiza yopanda ponyamulira ana. M'dengamo muli pampu ya hydraulic imene imakhala kumbuyo m'buti, muli mapaipi ang'onoang'ono a mafuta ake, masilinda okankha, timasensa tambirimbiri touza kompyuta kuti gawo ili lafika pomwe liyenera kufika, ndi mawaya amene amapindika nthawi ina iliyonse denga likamatseguka. Kasensa kamodzi kokha kakanama, kompyuta imaimitsa zonse pompo, denga lili m'malere.

Izi ndinaziona ndi maso anga. Ndinaperekeza mnzanga kukaona ina yake chaka chatha, mwini wake akuti denga lili bhobho palibe vuto, anatsegula kamodzi zinayenda, mnzanga wayamba kale kumwetulira dzanja lili m'thumba. Ine ndinati tsekaninso, anatseka, ndinati tsegulaninso, ndipo kachitatuko linangofika pakati n'kuima zii, buti lili yasa, denga laloza kumwamba, pampu ikungolira chapansipansi. Mwini uja anayamba zoti batire yafooka. Mwina inalidi batire, chifukwa madenga amenewa safuna batire yotopa, koma nditatukula kapeti wa m'buti pansi pake panali chinyontho, kafungo ka nguwi kaja, ndi mzere wa matope ouma wosonyeza pomwe madzi ankalekezera. Tinabwerako osagula, ndipo zinandiwawa chifukwa inali galimoto yokongola imene munthu anangoilekerera.

Ndiye inu mukapita kukaona, tsegulani n'kutseka kosachepera kasanu injini ikulira, pamalo athyathyathya. Zimitsani wailesi mumvetsere, lizingoyenda myaa osadodoma, mbali zonse zizikwera limodzi, magalasi azitsika ndi kukwera okha pa nthawi yake. Mukatero pemphani ndowa ya madzi kapena paipi, thirani pamwamba ndithu ngati mvula ya January, wina akhale mkati aziyang'ana m'makona momwe denga lakumana ndi galasi lakutsogolo, kenako tsegulani buti mugwire kapeti ndi dzanja. Malabala aja akauma ndi dzuwa amasweka, ndipo timabowo totulutsira madzi timatsekeka ndi fumbi ndi masamba, makamaka ngati galimoto imagona pansi pa mtengo wa mango, madzi akasowa kolowera amatsikira komwe kuli pampu ndi zamagetsi. Pa Z4 vuto lodziwika ndi mawaya oduka mkati mwa denga pomwe amapindikira paja, ndi ma relay, timaswichi tamagetsi toyatsa pampu, ndiye denga likamachita lero lagwira mawa lakana kayikirani pamenepo. Komanso musadabwe, zonse ziwiri m'buti muli kachotchinga kamene mumakokera pamwamba pa katundu, kakapanda kukhala m'malo mwake denga silitseguka, limenelo si vuto ayi anazipanga choncho.

Tibwere ku injini tsopano. Z4 ya 2010 imene achimwene apezayo ndi sDrive23i, musapusitsidwe ndi nambalayo, injini yake ndi ya malita 2.5, masilinda 6 ondondozana, yopanda turbo, imatchedwa N52, mphamvu yake pafupifupi 200 hp (horsepower, muyeso wa mphamvu ya injini). Injini imeneyi ndi yomweyo ya m'banja la zimene zili mu 3 Series ya E90, 5 Series ya E60 ndi X3, kotero makaniki amene amagwira ma BMW anaitsegulapo kale. Kalilidwe kake ndi kokoma, imakoka mosalala kuyambira pansi mpaka pamwamba, denga lili chotsegula mukukwera phiri la Zomba mumaimva ikuyimba kumbuyo kwa makutu. Matenda ake ndi odziwika, imadontha oilo pa gasiketi ya chivindikiro chapamwamba ndi pomwe pamakhala fyuluta ya oilo, ndipo pampu yake ya madzi ndi yamagetsi, ikafuna kufa sitsanzika, mumangomva fani ikulira mokweza uthenga wa kutentha wabwera pa dashibodi. Funsani ngati inasinthidwapo, ngati mwini sakudziwa ikani ndalama yake pambali. Ilibenso kandodo koyezera oilo kaja, mumaonera pa dashibodi.

Mukapeza Z4 ina yolembedwa 20i kapena 28i, imeneyo ndi ya kuyambira kumapeto kwa 2011, injini ndi ina, 2.0 ya turbo ya masilinda 4 yotchedwa N20, ndipo zoyambirira zake zinkavuta mapulasitiki ogwira tcheni cha taimingi cha m'kati mwa injini. Ya 35i ndi chilombo, ma turbo awiri, kupitirira 300 hp, koma imeneyo ndi ya munthu amene thumba lake silinjenjemera.

SLK200 ya 2012 ili ndi injini ya 1.8 ya turbo, M271, pafupifupi 180 hp, ndi giyabokosi ya otomatiki ya magiya 7. Ubwino wake waukulu ndi woti ndi injini ya C200 ya W204, ndipo ma C-Class amenewo ali mbwee mu Lilongwe ndi Blantyre, ndiye mafyuluta, mapulagi, makoyilo simuvutika kwambiri, ndipo mafuta imamwa mochepera poyerekeza ndi 2.5 ija, zimene si nkhani yaing'ono kwa munthu amene anagonapo pa mzere wa mafuta. Koma ili ndi chilema chimodzi chimene aliyense wa ma Benz amachidziwa, tcheni cha taimingi ndi magiya a pa camshaft, chitsulo chotsegula mavalavu, zimadyeka. Mumazimva m'mawa injini itazizira, mukangoliza imachita kwererere kwa masekondi angapo kenako n'kukhala chete. Phokoso limenelo musalinyozere, tcheni chikadumpha mano mavalavu amakumana ndi mapisitoni, ndiye kuti mukukamba zogula injini ina. Ogulitsa ena ochenjera amaitenthetseratu inu musanafike, n'chifukwa chake mukafika gwirani boneti kaye mumve ngati yatentha.

Pa msewu ndi zosiyana ndithu. Mu Z4 mumakhala pansi kwambiri, chakumbuyo pafupi ndi mateyala, boneti italiitali kutsogolo kwanu, chiwongolero chimamva msanga, pa makona a Khwekhwerere potsikira ku Golomoti ndi pomwe mungaimvetse chimene anaipangira. Koma inabwera ndi mateyala a run-flat, olimba m'mbali, opanda sipeya, ndiye bampu iliyonse imakufikani mu msana, ndipo dzenje limodzi la pa M1 litha kupinda limu makamaka ngati malimu ndi a mainchesi 19. Ambiri amachotsa n'kuika mateyala wamba ndipo galimoto imafewa, kungoti muziyenda ndi kapampu ndi zomatira. SLK ndi yofatsa, siyikukakamiza kuthamanga, mu jamu ya m'tauni simutopa nayo. Buti lake ndi lokulirapo, malita 335 denga lili pamwamba, 225 likalowa, pomwe Z4 ndi 310 ndi 180, kusiyana kumeneko ndi chikwama chimodzi cha mayi akunyumba popita ku Salima. Ma SLK ena ali ndi AIRSCARF, kamphepo kofunda kotuluka pa mpando kumakuuzirani m'khosi, mungaganize kuti kuno n'zosafunika koma yendani chotsegula denga ku Dedza mu June kapena ku Thyolo chiperoni chitagwa mudzakathokoza.

Zonse ziwiri ndi zotsika, pamenepa palibe yopambana inzake. Mahampu muzidutsa chopingasa pang'onopang'ono, ndipo ngati msewu wopita kunyumba kwanu ndi wafumbi wokumbika ndi mvula, kapena mwezi ndi mwezi mumapita kumudzi, chonde iyi isakhale galimoto yanu yokhayo. Gwadani muyang'ane pansi pa bampala ndi mapulasitiki a kunsi, akuuzani mmene mwini wake amayendetsera.

Kwa amene mukufuna kuitanitsa ku Japan kudzera pa doko la Dar es Salaam, vuto ndi loti dengalo simungaliyese, ndiye pemphani vidiyo likutseguka ndi kutsekeka osati zithunzi zokha, onetsetsaninso kuti chiwongolero chili kumanja chifukwa ku Japan galimoto zina za ku Ulaya zimakhala zakumanzere. Ndipo musanatumize ndalama funsani kaye za msonkho ku MRA, umakwera malinga ndi kukula kwa injini ndi zaka za galimoto, ndiye 2.5 ya 2010 ndi 1.8 ya 2012 musaganize kuti mulipira zofanana. Zipangizo za denga zokha, kaya BMW kaya Benz, nthawi zambiri ndi zoitanitsa ku Johannesburg kapena ku UK, ndipo ndi mmene forex ikuvutiramu galimoto itha kukhala pa galaja mwezi wathunthu kudikira kachinthu kokwana m'dzanja.

Ndiye achimwene, nditenge iti? Ngati imodzi yalephera mayeso a denga ndi madzi aja, yatuluka yokha, musayang'anenso baji kapena mtundu wa mipando. Ngati zonse zakhoza, ndipo muziyendera tsiku ndi tsiku kupita kuntchito, SLK200 ikusungirani mafuta ndi msana, bola ikhale chete poliza m'mawa. Koma munandiuza kuti muli ndi ina yoyendera masiku onse ndipo iyi ndi ya Loweruka ndi Lamulungu, ndiye ine ndikanatenga Z4 23i mosakayika, chifukwa ilibe turbo yoti izikudetsani nkhawa, matenda ake ndi oti mutha kuwachiza asanakugwetseni, ndipo masilinda 6 aja denga lili chotsegula ndi chinthu chimene 1.8 singakupatseni. Muwaimbire eni ake onse awiri lero, muwauze kuti mubwera m'mamawa ndipo asailize galimoto inu musanafike, mutenge makaniki wanu amene ali ndi kompyuta yowerengera mafoti, ndi tochi, ndi ndowa. Mukakaona mudzandilembere zimene mwapeza pansi pa kapeti wa m'buti.