Kuno ku Finland abwerera ku mabomba okwirira

Moni nonse, akumudzi ndi anzanga omwe muli kunja. Ndikulankhula kuchokera ku Tampere, kumene masiku ano mdima ukugwa tisanaweruke n'komwe. Za mapepala ndi za ntchito lero tiziike kaye pambali, pali nkhani imene yandikhala pamtima.

Mu 2025 nyumba ya malamulo ya dziko lino idavomereza kutuluka m'pangano la Ottawa, lija la 1997 loletsa kupanga, kusunga ndi kutchera mabomba okwirira pansi amene amaphulika munthu akawaponda. Poland, Estonia, Latvia ndi Lithuania nawonso atuluka. Finland idalowamo mochedwa, mu 2012, ndipo sidakhalitsemo.

Anthu kuno ali ndi zifukwa zawo. Malire awo ndi Russia ndi opitirira makilomita 1,300, ndipo zimene zikuchitika ku Ukraine akuziona. Kunyumba ya okalamba kumene ndimagwira ntchito kuli agogo ena amene adathawa kwawo ku Karelia ali mwana, deralo litalandidwa ndi Soviet Union. Akamakamba za nkhondo, mantha awo ndimawamvetsa.

Koma ine ndidakulira ku Dedza, abale, kuja mukangowoloka msewu mwalowa m'dziko la eni, la Mozambique. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itavuta, anthu pafupifupi 1 miliyoni adathawira kwathu. Tinkatunga nawo madzi pamjigo umodzi, chilankhulo chimodzi. Mtendere utabwera mu 1992 adanyamuka mokondwa kubwerera ku Angónia, koma ena tidawaonanso akuyendera ndodo, mwendo palibe. Sadali asilikali. Wina ankapita kunkhuni, wina ankalusa mbuzi. Ndipo munda wachonde unkagona zaka osalimidwa chifukwa choti wina adati pamenepo pali bomba. Kaya lilipodi kaya palibe, ndani akadayesa kuponyapo khasu?

Kutchera n'kwa tsiku limodzi, koma kuchotsa kwake munthu amagwada, kufufuza pang'onopang'ono, kenako kukumba mosamala. Bungwe la HALO Trust lokha lidachotsa mabomba oposa 171,000 ku Mozambique. A bungwe la APOPO adabwera ndi makoswe akuluakulu ophunzitsidwa ku Morogoro ku Tanzania, onunkhiza wonga, opepuka moti bomba siliphulika akaliponda. Dziko la Mozambique lidalengeza kuti lamaliza mu 2015, patatha zaka 23 nkhondo itatha.

Mnzanga wa kuntchito adandiuza kuti asilikali a kuno ndi adongosolo, adzalemba pamapu paliponse pomwe atchera. Sindikukana. Ndidangomuuza za madzi osefukira a mu 2000 ku Mozambique, amene adakokolola mabomba n'kukawasiya kumene mapu sadalembe. Chimene chikundipweteka kwambiri n'chakuti msonkhano woyamba wa mayiko a m'panganoli udachitikira ku Maputo mu 1999, kwa anthu amene adaikadi maliro. Olemera akamatuluka mantha akangowagwira, mawa mtsogoleri wa dziko losauka akadzafuna kutchera, adzamuletsa ndani?

Ndiye ndili ndi pempho. Ngati kwanu ndi ku Angónia, ku Tsangano kapena ku Mukumbura ku Zimbabwe, ndipo m'banja mwanu izi zidakuonekerani, nditumizireni uthenga wamawu pa WhatsApp. Mayina sindidzatchula. Ndikufuna ndiwamasulire anzanga a kuntchito pa nthawi ya khofi, amve kuchokera kwa eni ake.