Geji ya oyilo ya Porsche 911 yakale: yafadi, kapena mukuiwerenga molakwika?

(Kamera ili pa mageji, injini ikulira)

Moni nonse. Taonani kamuvi aka, kali mu geji yoyambirira kumanzere, limodzi ndi ka petulo. Ndikaponda moto, kakutsika mpaka pofiira. Munthu amene wangogula kumene galimoto ngati iyi akaona zotere mtima umamuthawa, n'kuthamangira kukathira oyilo. Chonde musatero. Nthawi zambiri gejiyi imakhala ilibe vuto lililonse.

Nkhani yake ndi iyi. Mu Corolla kapena Hilux, oyilo amakhala pansi pa injini, ndipo timamuyeza injini itazima. Ma 911 akale, aja injini yake imaziziritsidwa ndi mpweya, amasunga oyilo mu thanki yapadera imene ili kumbuyo, chakumanja, pafupi ndi tayala. Pampu imakoka oyilo mu injini n'kumubwezera mu thankimo. Mukazimitsa injini, oyilo wina amatsetserekera ku injini, thanki n'kuoneka ngati yaperewera. Mukamathamanga, oyilo amakhala ali pa ntchito, kamuvi n'kutsikanso. Choncho geji imanena zoona pokhapokha injini itatentha bwino, cha m'ma digiri 80, galimoto itaima pamalo osapendekeka, ndipo injini yakhala ikulira payokha kwa theka la mphindi kapena kuposerapo.

(Kumbuyo, chitseko cha injini chatsegulidwa)

Ndayenda nayo, yatentha. Dipisitiki, kachitsulo koyezera oyilo, ili mkati mwa pothirira oyilo, pansi pa chivindikiro. Samalani malaya ndi zala, chifukwa fani ndi lamba zikuzungulira pafupi pomwepa. Ndikuipukuta, ndikuibwezera, ndikuitulutsanso. Oyilo wafika pakati pa mizere iwiri, ndipo apa ndiye pabwino. Kuchoka mzere wapansi kufika wapamwamba ndi pafupifupi malita 2, ndiye musalimbane n'kudzaza mpaka pamwamba. Oyilo akachuluka amakwera m'paipi yopumira n'kulowa komwe injini imakokera mpweya, kenako utsi tolotolo kumbuyo. Zimandimvetsa chisoni kuona injini yabwinobwino ikuganiziridwa kuti yatha pomwe inangodzazidwa mopitirira.

Dipisitiki ndi geji zikagwirizana, nkhani yatha. Zikasemphana, m'pamene timatenga zida.

Yambani ndi zosafuna ndalama. Ngati kamuvi ka petulo nakonso sikakugwedezeka, vuto lili pa magetsi olowa mu geji: onani fyuzi ndi pomwe imagwira, chifukwa timafyuzi takale iti timachita dzimbiri kunsonga. Pa ma 911 ambiri gejiyo ilibe zomangira, inangopanikizidwa ndi labala, ndiye imatuluka mukaikankha mosamala. Kumbuyo kwake fufuzani waya wabulauni. Pa galimoto za ku Germany ameneyu ndi wa ethi, wobwezera magetsi ku chitsulo cha galimoto, ndipo akakhwepa kamuvi kamangodumphadumpha.

(Tayala lakumbuyo kumanja lachotsedwa, galimoto yakhazikidwa pa zochirikiza)

Musadalire jeke yokha. Nayi thanki, ndipo kachitsulo kozungulira aka kokhala ndi mawaya ndi sensa, imene imauza geji kuchuluka kwa oyilo mu thanki. Onani matope ndi oyilo zomwe zaunjikana apa. Tayala limamwaza zonsezi zaka ndi zaka. Tembenuzani kiyi koma osaliza injini, wina akhale mkati akuyang'ana geji. Zulani waya wopita ku geji. Kamuvi kayenera kuthawira kumapeto amodzi. Tsopano gunditsani wayayo pa chitsulo choyera cha galimoto. Kayenera kubwerera kumapeto enawo. Kakachita zonse ziwiri, geji ndi waya zili bwino, wolakwa ndi sensa kapena ethi yake. Kakangokhala duu, waya waduka penapake kapena geji yeniyeniyo yafa. Kuyesa kumeneku ndiko kumakupulumutsani kugula chinthu chomwe sichinaonongeke.

Sensa imatuluka mukamasula timanati take. Tsukani kaye mozungulira, mchenga usagwere mu thanki, ndipo itulutseni moipotoza pang'onopang'ono kuti kamkono kasapindike. Kumapeto kwa kamkonoka kuli choyandama, ndipo chikamakwera kapena kutsika, kachitsulo kena kamakwecha pa kawaya kopyapyala kokulungidwa. Lumikizani multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, mutaiika pa ma ohm, muziyendetsa kamkonoko mofatsa. Manambala azisintha mosalala. Akamadumpha kapena kuzimiririka pakati, kawaya kaja kadyeka, makamaka pamalo amene choyandama chimakhalitsa. Nthawi zina kutsuka kumathandiza, koma kakaduka ndi bwino kungogula sensa ina. Gwedezaninso choyandamacho pafupi ndi khutu: mukamva oyilo mkati, chinabooka, n'chifukwa chake geji imangonena kuti mulibe kanthu.

Pobwezera ikani gasiketi watsopano, ndipo timanati timangeni mofatsa, mosinthanasinthana, poti timabawuti take n'tating'ono ndipo sitichedwa kuthyoka. Kenako kayendeni nayo itenthe, imani pamalo osapendekeka, muyerekeze geji ndi dipisitiki kachiwiri, ndipo musuzumire pa sensa ngati sipakudontha.