Private Number Ikukusowetsani Tulo? Woimbayo Angapezeke

Moni abale anga a ku Mbare, Highfield, Mufakose, Dzivarasekwa kuno ku Harare, Zimbabwe, ndi nonse amene mukuonera muli kutali. Musachoke msanga, chifukwa pali bodza lina lake limene limandiwawa mtima, ndipo lero ndithana nalo.

Mwezi wathawu azakhali anga anandiuza kuti foni yawo imalira usiku uliwonse cha m'ma 2 koloko, pagalasi n'kulemba Private Number. Akayankha, zii, amangomva munthu akupuma. Anafika pomaikulunga m'chitenje n'kuibisa m'kabati ya mbale. Nditati tiyeni kupolisi, anandiyankha kuti, "Mwanawe, munthu wopanda nambala akamupeza bwanji?"

Bodza lake ndi limeneli. Mvetserani bwino.

Munthu akadina #31# asanaimbe, sanafufute kanthu. Wangouza kampani yake kuti nambalayo isaoneke pagalasi la foni yanu, basi. Econet, NetOne kapena Telecel amaiona bwinobwino. Taganizani, akanapanda kuiona, mayunitsi akanadula kwa ndani? Foni iliyonse ikaimbidwa, makina a kampani amalemba nambala yoimba, nambala yolandira, tsiku, nthawi, kutalika kwake, ngakhalenso nsanja ya netiweki imene woimbayo anali nayo pafupi, ija kuno timati booster. Amalembanso IMEI, nambala ya foni yeniyeniyo, ya manambala 15. Imitsani vidiyoyi, dinani *#06#, muona yanu. Mwaiona? Ndiye wina akasintha simu khadi koma foni ili yomweyo, IMEI imakhalabe yomweyo.

Wina anandilembera kuti, "Koma achimwene, si paja umayenera kumuchedwetsa pa foni mphindi zitatu kuti apolisi amulondole?" Ayi! Zimenezo ndi za m'mafilimu, zochokera nthawi ya lamya zamawaya pamene amisiri ankatsatira waya ndi maso. Masiku ano ngakhale atadula pakangotha sekondi imodzi, zalembedwa kale. Musadzizunze kumvetsera zotukwana poganiza kuti mukuthandiza apolisi. Dulani.

Komanso kuyambira 2013 malamulo a dziko lino amafuna kuti simu khadi iliyonse ilembetsedwe ndi dzina, nambala ya chitupa ndi adiresi ya mwini wake. Nambala ikadziwika, pali poyambira.

Ngati mwaphunzirapo kanthu, dinani subscribe ndi kabelu kaja, ndipo tumizani vidiyoyi pa gulu la WhatsApp la kutchalitchi kwanu. Tipitirize, tione zoti muchite.

Choyamba, kope ndi cholembera. Lembani tsiku, nthawi ndi zimene wanena. Musafufute chilichonse mufoni, jambulani pagalasi.

Chachiwiri, musamubwezere mawu.

Chachitatu, ndipo apa ndi pamene ambiri amatayira mtima. Mukapita nokha ku ofesi ya kampani ya foni, sakuuzani dzina la woimbayo. Musakalipire mtsikana wa pakauntala, lamulo silimulola kuulula za makasitomala ena. Njira yake ndi yodzera kupolisi. Pitani ku siteshoni ya apolisi a ZRP ya kwanuko kapena ku Harare Central, kadandauleni, ndipo musatuluke opanda nambala ya RRB, yosonyeza kuti dandaulo lanu lalowa m'buku. Wapolisi wofufuza ndi amene amatenga chikalata cha khoti n'kukapempha zolembedwa zija ku kampani. Wina asakuuzeni kuti iyi si nkhani. Gawo 88 la Postal and Telecommunications Act limaletsa kuopseza munthu pa foni ndiponso kumuimbira popanda chifukwa pofuna kungomusautsa. Cyber and Data Protection Act ya 2021 inawonjezera za kuzunzana kudzera pa mauthenga ndi pa intaneti. Amayi anga, ngati mukukayikira amuna anu akale kapena chibwenzi chimene munasiyana nacho, funsani a Victim Friendly Unit, nthambi ya apolisi yothandiza ozunzidwa, ndipo dziwani kuti Domestic Violence Act imakulolani kupempha protection order, chikalata cha khoti chomuletsa kukuvutitsani, kwa majisitireti. Ngati wanena zoti akuphani, musadikire kuti kope lidzaze, pitani lero lomwe.

Chachinayi, muzibwererako ndi nambala ya RRB ija kukafunsa pamene zafika.

Sindikunamizani kuti aliyense amagwidwa. Wogula simu khadi ya m'misewu yolembetsedwa ndi chitupa cha munthu wina amavuta kupeza, woimba kudzera pa intaneti ali kunja kwa dziko amavutanso kwambiri. Ndipo mapulogalamu ngati Truecaller saulula nambala imene yabisidwa, choncho musalipire aliyense amene akuti akupezerani dzina pa madola angapo.

Azakhali aja kope lawo lafika masamba awiri, Lolemba ndikuwaperekeza ku siteshoni. Sabata yamawa tikamba za akuba amene amaimba n'kumapempha PIN yanu ya EcoCash. Ngati anakuimbiranipo, ndilembereni pansipa mmene anayambira nkhani yawo.