Marimu atsopano pa pikapu: kusankha offset yoti tayala lilingane ndi madigadi

Moni nonse. Lero tikukamba za nambala imodzi yaing'ono imene ambiri saiyang'ana pogula marimu, chonsecho ndi imene imanena ngati tayala libisale mkati mwa madigadi, lilingane nayo bwinobwino, kapena lituluke panja.

(Kamera ionetse kuseri kwa rimu.)

Taonani apa. Palembedwa ET30. Imeneyi ndiye offset, ndipo imayezedwa m'mamilimita. Ndi mtunda wochokera pakatikati pa rimu kukafika pamalo osalala awa pamene rimu imakhudza habu, chitsulo chimene rimu imamangidwapo ndi mabawuti. Nambala ikakhala yaikulu, tayala limalowa mkati. Ikamachepa kupita ku ziro, kapena kupitirira mpaka kukhala ndi kachizindikiro kochotsera kutsogolo, tayala limatuluka.

Tsono cholakwika chachikulu ndi kukopera nambala ya galimoto ya mnzanu. Toyota Hilux ya 4x4 yoyambira 2015 ndi Ford Ranger T6 zonse zili ndi mabawuti asanu ndi limodzi otalikirana mofanana (6x139.7), moti munthu amaganiza kuti rimu ndi imodzimodzi. Ayi ndithu. Marimu a mainchi 17 akufakitale a Hilux amakhala pa ET30, pamene a Ranger ali pa ET55. Mukamanga rimu ya ET0 pa zonse ziwiri, tayala la Hilux lisunthira kunja mamilimita 30, la Ranger 55. Ngakhale bowo lapakati nalo ndi losiyana: 106.1 pa Hilux, 93.1 pa Ranger.

Musanapite kusitolo, yezani kaye. Imikani galimoto pamalo athyathyathya, chiwongolero chili chowongoka. Mangani nati kuchingwe, chigwireni m'mphepete mwa madigadi, chilendewere. Tengani tepi muyeze kuchokera pachingwe kukafika pamimba pa tayala, pamene latukumuka kwambiri, osati pa rimu. Chitani kutsogolo ndi kumbuyo komwe, chifukwa mipatayi siifanana nthawi zonse.

Tiyerekeze kuti pa Hilux yanu mwapeza mamilimita 20. Ngati tayala likhale lomwelo la 265 (kunenepa kwake m'mamilimita), chotsani 20 pa 30 ya ET30 ija, mupeza ET10. Koma ngati mukukwera kupita ku 285, tayalalo lanenepa ndi mamilimita 20, kutanthauza 10 mbali iliyonse. Mpata wanu watsala 10 basi, ndiye mukufunika ET20. Rimu yotakata nayo imadyako mpata: inchi imodzi ndi mamilimita 25.4, theka lipita kunja, theka mkati, ndipo imatambasulako tayala pang'ono. N'chifukwa chake ine ndimakonda kusiya mamilimita angapo osawagwiritsa ntchito.

Mkatimo musaiwaleko. Tayala lonenepa pa offset yaikulu limakhula pa control arm yapamwamba, chitsulo chimene chimalumikiza habu ku thupi la galimoto.

Ndikudziwa kuti ena mumakonda matayala otuluka kwambiri, ndipo pachithunzi amakongoladi. Koma taganizirani msewu wafumbi nthawi ya dzinja. Tayala likatuluka kunja kwa madigadi, matope ndi timiyala zimamenya zitseko mpaka penti kuyamba kusupuka. Ma bearing amasenza katundu mopendekeka ndipo amatha msanga, chiwongolero chimayamba kukukokani mukagunda dzenje. Pa galimoto yonyamula matumba a chimanga kapena feteleza, zimenezi si zazing'ono.

(Kamera ionetse tayala lakutsogolo, chiwongolero chitakhoteredwa mpaka kumapeto.)

Pomaliza, pemphani wogulitsa amange kaye rimu imodzi kutsogolo musanalipire zonse. Tsitsani jeke, khotetsani chiwongolero mpaka kumapeto mbali zonse ziwiri, bwererani kumbuyo pang'onopang'ono mukumvetsera. Kenaka pisani dzanja pakati pa tayala ndi mphira yotchinga matope. Ngati zala zanu sizikulowa galimoto ili chiimire, dziwani kuti pa bampu tayalalo likhula, ndiye funsani rimu ya nambala yokwererapo ndi mamilimita 5 kapena 10.