Ndalama Imodzi, Manja Khumi

Zikomo a tcheyamani. Amayi, abambo, ndi inu achinyamata mwaima kumbuyoko, sendererani kuno, malo alipo.

Ndiyambe ndi kasamu pang'ono. Tikamva pa wailesi kuti chuma cha dziko chakula ndi 3 peresenti, timaomba m'manja. Koma chinthu chikamakula ndi 3 peresenti chaka ndi chaka, pakatha zaka 24 chimakhala chitawirikiza kawiri, pakatha zaka 100 chitawirikiza ka 19. Tsono ndikufunseni: nthaka nayo idzawirikiza ka 19? Nanga nsomba, mitengo, madzi? Mwana amakula, inde, koma akafika msinkhu amaleka kutalika n'kuyamba kukhwima. Bambo wa zaka 50 akamatalikabe timathamangira naye kuchipatala.

Muyeso umene maboma amanyadira, uja amati GDP, umawerenga zimene zapangidwa ndi kugulitsidwa basi. Nkhalango ikagwetsedwa, matabwa n'kugulitsidwa, nambala imakwera. Mayi akachezera usiku wonse kudwazika mwana wake, nambalayo simuona. Ngakhale Simon Kuznets, katswiri amene anathandiza kukonza kawerengedwe kameneka, anachenjeza nyumba ya malamulo ya ku America mu 1934 kuti nambala yotereyi singatiuze ngati anthu akukhala bwino. Anamumva, koma sanamumvere.

Ine funso langa ndi lina. Ndalama ikalowa pakati pa anthu, imadutsa m'manja angati isanatuluke? Ndowa yobooka, ngakhale mutunge tsiku lonse, mugona ndi ludzu.

Mverani za ku Wörgl, tauni yaing'ono ya ku Austria. Mu 1932 chuma cha dziko lonse lapansi chinali chitagwa. Anthu ambiri kumeneko analibe ntchito, misewu inali makumbimakumbi, khonsolo ilibe cholipirira aliyense chifukwa anthu ankalephera kukhoma msonkho. Taonani zodabwitsa: amisiri alipo, ntchito yofunika kugwira ilipo, zipangizo zilipo, koma aliyense wangokhala, chifukwa amene ali ndi kandalama wakabisa poopa mawa.

Meya wawo, Michael Unterguggenberger (dzina lake musandiuze kuti ndibwereze), anali atawerenga maganizo a Silvio Gesell, woganiza za chuma amene ankati ndalama izitsika mtengo ikangosungidwa, kuti iziyenda. Anasungitsa ndalama zochepa za khonsolo kubanki ngati chikole, n'kusindikiza timapepala ta tauniyo ta mashilingi 1, 5 ndi 10. Chinsinsi chinali kumaso kwa kapepalako: panali timabokosi ta miyezi. Mwezi ukatha, amene kapepalako kamupeza m'thumba ankayenera kugula sitampa ya 1 peresenti ya mtengo wake n'kumata, apo ayi sikagwira ntchito. Ndiye ganizani inuyo, lero ndi pa 29, muli nako m'thumba. Mukasunga? Ayi ndithu! Muthamanga kukalipira kalipentala, kalipentala alipira wa sitolo, wa sitolo athamangira kukhonsolo kukakhoma msonkho, ena mpaka kulipiriratu wa m'tsogolo. Khonsolo itenga kapepala komweko n'kulipira okonza msewu. Ndi timapepala tochepa anakonza misewu, anamanga mlatho, ulova unatsika pamene m'madera ena a dzikolo unkakwera.

Zinatha bwanji? Matauni ena atayamba kusirira, banki yaikulu ya dzikolo inati yosindikiza ndalama ndi iyo yokha, ndipo mu 1933 zonse zinaletsedwa. Choncho wina asatuluke muno n'kukati ndawauza asindikize ndalama zawo, mundimangitsa. Chimene ndikufuna mugwire n'chakuti anthu a ku Wörgl sanalandire chuma chatsopano kuchokera kwina. Chomwe anali nacho kale ndi chimene chinayamba kuyenda.

Koma kuyenda kokha sikukwanira ngati mwini wa chigayo, fakitale kapena banki ali kutali, phindu lonse n'kumamutsatira komweko. Apa mpamene ndimakonda nkhani ya ku Mondragón, m'dera la Basque ku Spain. Wansembe wina, José María Arizmendiarrieta, anayamba ndi sukulu ya ntchito zamanja mu 1943. Mu 1956 anyamata asanu amene anawaphunzitsa anatsegula kafakitale ka mbaula za palafini, eni ake ali ogwira ntchito omwewo: munthu mmodzi, voti imodzi. Mu 1959 anatsegula banki yawoyawo, kuti zimene anthu a m'deralo asunga zizikongozedwa kwa makopaletivu a m'dera lomwelo. Lero gulu la makopaletivu a ku Mondragón lili ndi antchito pafupifupi 70,000.

Musaganize kuti kumeneko ndi kumwamba. Mu 2013 kampani yawo yaikulu yopanga mafiriji ndi makina ochapira, Fagor, inagwa ndi ngongole, itadzitambasula kwambiri pofuna kupikisana ndi zimphona za pamsika wa dziko lonse. Mwaona? Matenda a kukula kosalekeza anawagwira iwonso. Kusiyana kwake kunali kwakuti mamembala ambiri anawapezera malo m'makopaletivu anzawo, ena anapuma pantchito msanga ndi penshoni. Koma antchito amene sanali mamembala, makamaka a m'mafakitale awo a kunja, sanatetezedwe chimodzimodzi, ndipo chimenecho ine ndimachitcha chilema.

Ndikuona bambo apo akupukusa mutu, mwina akuti, "Ndiye tisiye kugula za kunja?" Ayi bambo. Mankhwala, mafoni, zitsulo za makina, zina sitingapange tokha, ndipo amene alibe chakudya chokwanira kapena denga labwino akufunikadi kuti zake zichuluke. Ndikunena za zija timagula kutali pamene mnzathu wapafupi amazipanga, ndi zija timataya pamene pali mmisiri wotha kuzikonza.

Alembi agawa mapepala pakhomopo. Kwa masiku 7, lembani ndalama iliyonse yotuluka m'nyumba mwanu, ndipo pambali pake muike chizindikiro: yatsala pakati pathu, kapena yapita. Osalemba dzina, sitikufuna kudziwa za m'thumba mwa munthu. Tikakumananso tidzaphatikiza mapepala onse tione pamene pabooka kwambiri. Mayi mwakweza dzanja kalekale, funsani.